Geti la Msika Limene Mkazi Wanga Anagula

Ndinataya mkazi. Ndinataya wondimeta kumbuyo kwa khosi kumene galasi silifika. Ndinataya theka la lendi, ndiponso mawu apamwamba a nyimbo zimene ine ndimangodziwa besi yake. Ndinataya munthu yekhayo m'dera lonse la Govan, kuno ku Ulaya, amene ankadziwa dzina langa la kuubwana. Ndinataya wokangana naye.

Tinkakhala pansanja yachitatu ya mdadada wakale wa miyala yofiira, pafupi ndi chipatala chachikulu chimene iye ankagwirako ntchito ya unamwino. Ine ndinabwera kuno kudzaphunzira za chuma, ndipo nditamaliza ndinapeza ntchito mu ofesi ya inshulansi m'tauni. Chifukwa cha digiriyo ankanditchula kuti "a sukulu", makamaka akamakonzekera kundiuza kuti ndalakwitsa. Tinkakangana za zinthu zambiri: ngati hita iyatsidwe mu Okutobala kapena tipirire mpaka Novembala, ngati mpunga umatsukidwa kawiri kapena katatu, njira yachidule yopita kusiteshoni. Yambiri inali mikangano yotha tsiku lomwelo. Umodzi wokha ndiwo unakhala nafe zaka ziwiri, ndipo unali wokoma kuposa yonse.

Pa intaneti pali misika ina imene sagulitsapo malaya kapena mafoni. Kumabwera timakampani tating'ono tofuna mpamba, n'kufotokoza zimene tikufuna kuchita. Anthu wamba amasonkha, wina mapaundi khumi, wina zana, ndipo aliyense amapatsidwa masheya molingana ndi zimene waponya. Kakampaniko kakadzakula n'kugulidwa ndi akuluakulu, mumapindula. Kakagwa, mwagwa nako. Eni msikawo sagulitsa chawo chilichonse. Iwo amangodula kagawo: kwa kampani ikapeza mpamba wake, kwa iwe ukamaponya ndalama, ndipo ukadzapindula amabweranso kudzadula pa phindulo.

Mkazi wanga anaudziwira msika wotere kwa mnzake wa kuntchito. Anayamba ndi tindalama tochepa. Anaponya kwa anthu ena okazinga khofi, kenako kwa ena amene ankati apanga njinga yopindika yokwana m'chikwama. A njinga aja anagwa chaka chisanathe. Ndinkayembekeza kuti adandaula, ndipo mawu omutonthoza ndinali nditakonza kale, okhala ndi ka "ndinanena" mkati mwake. Koma anabwera patebulo maso akuwala. Anali ataona kuti ndalama yake yapita, a njinga ataya zonse, koma kagawo kamene eni msika anadula tsiku loyamba lija kanakhala komweko, osagwedezeka.

Amayi ake amagulitsa tomato ndi anyezi pamsika wa Lunzu, ndipo iye anakulira pambali pa benchi lawo. Anandifotokozera kuti m'mawa uliwonse kunkabwera bambo wa matikiti ndi kabuku kake. Tomato ayende, tikiti. Tomato aole, tikiti. Kugwe mvula ogula asabwere, tikiti. Ananena kuti ali mwana sankasirira ogulitsa nsalu kapena a mabutchala, ankasirira bambo wa kabuku uja, munthu yekhayo pamsika ponse amene katundu wake sankaola.

Ndiye Loweruka lina m'mawa, kunja kukuwaza kamvula kathu ka masiku onse, ananditembenuzira laputopu ndili pakati pothira majarini pa buledi. Eni msika aja ankafuna mpamba nawonso, ndipo anaika masheya a kampani yawo pamsika wawo womwewo. Iye ankafuna kuponya mapaundi mazana atatu, ndalama ya maovataimu ake a mwezi wa Disembala.

Ndinapempha sabata imodzi. Zikalata zonse ndinakazisindikiza kuntchito, ndipo ndinaziwerenga m'sitima ya pansi pa nthaka ndi cholembera chofiira m'manja. Loweruka lotsatira ndinayala mapepala patebulo ngati loya. Ndinamuonetsa kuti kampaniyo inali isanapangepo phindu chiyambire. Ndinamuonetsa kuti masheyawo sungagulitse tsiku limene wafuna, umadikira eni ake atsegule nyengo yogulitsana, ndipo ngakhale pamenepo pafunika papezeke wogula. Ndinamuuza kuti akadzafunanso mpamba adzatulutsa masheya ena, ndipo ake adzasungunuka ngati tiyi wothiridwa madzi alendo akachuluka. Anamvetsera zonse akusenda lalanje. Ndinasunga mfundo yanga yaikulu kumapeto: pogula masheya a msikawo, msikawo unkadulanso kagawo kake monga mwa nthawi zonse.

"Ndiye kuti akulipiritsani pageti," ndinatero, "kuti mulowe mukagule geti lomwelo."

"Eya, a sukulu. Ndipo ndilipira. Anthu amene atha kundilipiritsa ine, mwana wa mayi wa tomato, ndi ofunika kukhala nawo mbali imodzi."

Anadina batani akutafuna lalanje lake. Anandigawirako kachidutswa kamodzi.

Kuyambira pamenepo, miyezi itatu iliyonse kunkabwera kalata ya pa imelo yochokera kwa eni kampani, yofotokozera a masheya momwe zinthu zikuyendera. Kwathu kalata imeneyi inali ngati zotsatira za mpira. Ikakhala yabwino, ankaimirira pakhomo la kukhitchini n'kuiwerenga ndi mawu a mlembi wa mpingo polengeza za Lamulungu, mpaka kumaliza ndi kuthokoza onse amene anatenga mbali. Ikakhala yoipa, kunkangoti zii. Ndinkadikira masiku awiri, kenako ndinkafunsa mwaulemu, tikutsuka mbale, ngati a pageti sanalembe mwezi uno. Ankayankha kuti alemba, koma zimene alembazo n'zozama, si za anthu a digiri imodzi.

Mkanganowo tinkapita nawo ngakhale kutchalitchi ku Pollokshields. Pa tiyi wa pambuyo pa mapemphero anthu anatizolowera. Azimayi ambiri anali mbali yake, osati chifukwa chomvetsa za masheya, koma chifukwa chakuti ndalamayo inali yake. Mkulu wina wa mpingo, wokhala kuno zaka zambiri, anatimvetsera tsiku lina mpaka tiyi wake kuzizira, n'kunena kuti banja lokangana za ndalama imene sinabwere ndi lodala, iye amaweruza a ndalama imene inatha. Tonse awiri tinkadziwa kuti wolondola adzadziwika tsiku limodzi lokha: kampaniyo ikadzagulidwa kapena ikadzagwa. Zimenezi zimatenga zaka. Sitinkaona vuto, zaka tinali nazo.

Anadwala milungu itatu. Anagonekedwa m'chipatala chomwe ankagwira ntchito, ndipo anzake anamusamalira bwino kwambiri. Anthu a kumpingo ndi Amalawi ena a mumzinda muno anasonkha, tinanyamula thupi kupita nalo kwawo. Ndinakhala kumeneko masiku khumi n'kubwerera kuntchito.

Zotsatira zake zinali mapepala. Banki, penshoni, foni, khonsolo. Aliyense ankafuna kalata ya imfa, ndipo aliyense ankayamba ndi mawu achipepeso ofanana. A msika uja ndinawalembera pomalizira. Anayankha mwaulemu, anapepesa, anafotokoza zikalata zofunika kuti masheya achoke m'dzina la malemu kupita kwa wolowa m'malo. M'munsi mwake munali mzere umodzi wonena kuti ntchito yosinthayo ili ndi mtengo wake, ndipo anautchula. Ndinaseka ndekha m'khitchini, koyamba chibwerere ku maliro. M'maganizo ndinamuona mkazi wanga ataimirira pakhomo paja akuwomba m'manja, akuti mwaona a sukulu, ngakhale pamenepa tikiti.

Ndi tsiku limenelo pamene ndinadziwa kuti masheyawo sindikufuna kuwataya. Sikuti ndinkawaona ngati chuma. Ndinkakhulupirirabe kuti ndinali wolondola, ndipo ndikukhulupirirabe. Koma mkangano wathu unali usanathe, ndipo yankho lake linali m'njira, likubwera pang'onopang'ono miyezi itatu iliyonse. Ndinkafuna kuti likadzafika lidzandipeze ine.

Malamulo a kuno ankati zonse za mkazi wanga n'zanga. Koma ine sindinakwatire kwa malamulo a kuno. Ndinakwatira ku Lunzu, pamaso pa ankhoswe, ndipo kwawo mwamuna akaferedwa pamakhala mwambo womusudzula. Katundu wa malemu amaikidwa poyera, abale ake amagawana, kenako mwamunayo amamasulidwa kuti azipita, alibenso mangawa ndi mbumbayo. Tinagwirizana kuti mwambowu uchitike patatha miyezi isanu ndi umodzi, ndipo popeza tchuthi changa chinali chitatha, ine ndikhalepo kudzera pa foni ya vidiyo. Zovala zake, nsapato, mabuku a nyimbo ndi wotchi yake ya kuntchito ndinazilongedza m'masutikesi awiri, n'kupatsira mayi wina wa kumpingo amene ankapita kumudzi. Ndalama za kubanki ndi za penshoni ndinazilemba pa mndandanda, mpaka kakobiri komaliza, n'kutumiza kwa amalume ake, amene ndi mwini mbumba. Masheya sindinalembe. Ndinadziuza kuti ndi kanthu kakang'ono, kovuta kufotokoza, kongosokoneza anthu. Zonsezi zinali zoona, koma si chifukwa chake.

Chimene sindinkadziwa n'chakuti tsiku lomwe anagula masheyawo, mkazi wanga anatumiza chithunzi cha satifiketi yake kwa amayi ake pa foni. Amayiwo anapita nacho kwa wosindikiza zithunzi pamsika, anachitulutsa pa pepala lalikulu, anachimata pulasitiki, n'kuchipachika pabalaza pambali pa kalendala. Kwa zaka ziwiri aliyense wolowa m'nyumbamo ankauzidwa kuti mwana wa pano ali ndi kampani ku Ulaya.

Mwambo unachitika Loweruka masana. Ine ndinavala jekete, ndinakhala patebulo la kukhitchini, foni nditaitsamiritsa ku botolo la mafuta ophikira. Kumeneko achimwene anga, amene ndi nkhoswe yanga, anaika foni yawo pampando pakhonde. Ndinkaona mkeka, masutikesi awiri aja ali otsegula, ndi amalume atakhala pakati, magalasi ali pamphuno. Amalumewo anagwira ntchito ya ukalaliki mpaka kupuma, ndipo pepala amalilemekeza. Apongozi anga aakazi sindinkawaona. Chikwatirire sitinakhalepo maso ndi maso, ulemu wake ndi wotero, ndipo zonse zimene tinkauzana zinkadzera mwa mwana wawo. Tsikuli anakhala kumbali, kunja kwa chithunzi. Ndinkangoona nsonga ya chitenje chawo ndi phazi limodzi.

Zinayenda bwino. Zovala zinagawidwa, ang'ono ake anakanganirana jekete la chisanu limene sadzalivala n'komwe ku Lunzu, anthu anaseka. Amalume anawerenga mndandanda wanga mzere ndi mzere, nayamikira kuti ndi wolembedwa mwaukhondo. Kenako anapisa dzanja kumbuyo kwawo, n'kutulutsa pepala lomatidwa pulasitiki lija, n'kuliyandikiza ku foni mpaka linadzaza chithunzi chonse.

"Nanga kampani iyi, bambo, ili pa tsamba liti? Kapena maso angawa akalamba."

Achimwene anga anayang'ana pansi. Ndinapepesa, ndinavomera kuti sindinalembe, ndipo ndinayamba kufotokoza mmene ndikanayenera kuchitira poyamba. Ndinati si kampani yonse, ndi kachigawo kakang'ono kwambiri, kogulidwa ndi mapaundi mazana atatu. Amalume anati ngati ndi choncho palibe chovuta, ndigulitse, ndalama ibwere igawidwe pamodzi ndi zinazo. Ndinati sizigulitsika lero, mpaka eni ake atatsegula nyengo yake, ndipo wogula akhoza osapezeka. Anati ndiye ndigawe masheyawo kwa ang'ono ake atatu. Ndinati aliyense angafunike kulembetsa kumsikako, mwina osaloledwa n'komwe ali ku Malawi, ndipo kusintha dzina kulikonse kuli ndi mtengo wake, moti pomaliza eni msika ndi amene angadye zambiri. Ndikulankhula ndinkadzimva ndekha mmene ndinkamvekera. Amalume anavula magalasi. Ananena modekha kuti iwo akhala zaka zambiri, aonapo chuma chobisika ndi chuma chotha, koma chuma chosagulitsika, chosagawika, chimene chili ndi satifiketi ya chidindo, akuchimva koyamba, ndipo akuchimva kwa munthu amene anaiwala kuchilemba.

Kenako phazi lija linasuntha, ndipo apongozi anga analankhula. Sanalankhule kwa ine, ankauza achimwene anga kuti andifunse, ngakhale ndinkamva ndekha mawu alionse. Anafuna kudziwa kuti kampaniyo imagulitsa chiyani. Ndinayankha kuti sigulitsa kanthu, ndi msika, imangodula matikiti kwa ogulitsa ndi ogula omwe. Anati ooh, motalika. Kenako mafunso anabwera motsatizana, ndipo sanadzerenso kwa achimwene. Kodi ogulitsa akabwera kamodzi amabweranso? Kodi pafupi pali msika wina wa tikiti yotsika? Amene amasesa ndi kulondera amalipidwa ndi ndani, ndipo matikitiwo amakwana kuwalipira? Ndinayankha kuti mpaka pano sakwana, n'chifukwa chake ankafuna mpamba. Anaseka kaphwete kakafupi, ndendende ka mwana wawo.

Anati iwo anamuuza mwanayo pa foni chaka chomwecho kuti bambo wa matikiti amaoneka wodala ukamamuona uli pabenchi. Koma iwo anaonapo nyengo ina ogulitsa atatopa n'kusamukira kumsewu, bamboyo n'kutsala yekha pageti ndi kabuku kake, akuthamangitsa ntchentche. Ndinazindikira kuti mkangano umene ndinkauyesa wa anthu awiri unali wa anthu atatu, ndipo kuti mayi amene anapachika satifiketi pabalaza anali mbali yanga nthawi yonseyi, ndi mfundo yoposa zanga zonse za cholembera chofiira. Ndinafunsa, kudzera mwa achimwene, chifukwa chimene anaipachikira. Anati chifukwa inali ndi dzina la mwana wawo m'zilembo zikuluzikulu.

Kenako anafunsa funso limene amalume sanafunse.

"Ngati n'zopanda pake chomwechi, bambo, munazibisiranji?"

Ndinayang'ana botolo la mafuta. Ndinawauza kuti tinkakangana za masheyawo zaka ziwiri, kuti iye ankati adzapindula, ine ndinkati adzagwa, ndipo kuti yankho lisanabwere iye anapita. Ndinati ndinkaopa kuti akachoka m'manja mwanga, kalata zija zisiya kubwera, ndipo sindidzadziwa. Ndinanena zimenezi m'mawu ochepa.

Amalume anayamba kunena kuti mwambo ndi mwambo, katundu wa malemu amabwerera kwa eni mbumba. Apongozi anavomera. Anati masheyawo ndi awo, iwo monga mayi, ndipo alembedwe choncho pa mndandanda, amalume alembe ndi dzanja lawo. Koma poti iwo alibe intaneti ndipo Chingerezi cha m'makalatamo n'cha anthu a sukulu, asunge ndine. Ndilipire ndekha mtengo wosinthira dzina, chikhale chindapusa changa cha kubisa. Kalata ikabwera ndiziimba foni n'kuwawerengera yonse, yabwino kapena yoipa, osadumpha mzere. Ikadzagwa kampaniyo, tidzadziwa kuti ife awiri tinkanena zoona. Ikadzapindula, ndalama ndi yawo, ndipo manyazi tidzagawana.

Amalume anadandaula kuti munthu wosudzulidwa sasunga katundu wa mbumba imene yamumasula, ndipo kuti zoterezi sizinachitikepo. Apongozi anayankha kuti kusudzula munthu pa foni sikunachitikeponso, koma onse ali pompo. Amalume anavala magalasi, analemba mzerewo, anauwerenga mokweza kuti onse amve. Mwambo unapitirira mpaka kumapeto ake. Anandithokoza chifukwa chosunga mwana wawo, anandiuza kuti ndine womasuka, achimwene anga anawomba m'manja mwaulemu, ndipo anthu anayamba kunyamuka ndi katundu wawo.

Ndinkati nditseke foni pamene chithunzi chinagwedezeka. Ndinaona denga la malata, kenako thambo, kenako nkhope ya apongozi anga, pafupi kwambiri, atagwira foni ndi manja awiri ngati mbale. Aka kanali koyamba kuti tiyang'anane. Anayang'ana khitchini kumbuyo kwanga, anafunsa ngati ndiwo mawindo amene mwana wawo ankati satsekeka bwino, ndinati ndi omwewo. Kenako anati pa maliro panali anthu ambiri, ndipo panalibe mpata wofunsa. Ankafuna kudziwa chimene mwana wawo ananena komaliza, ngati anasiya mawu.

Ndinaganiza zowapangira mawu abwino, a Mulungu kapena a iwo amayi ake. Koma ndinali nditangolipitsidwa kumene chifukwa chobisa. Ndinawauza kuti mawu ake omaliza kwa ine ananena Lachinayi madzulo, dzuwa lisanalowe, nthawi yoona odwala itatha. Tonse tinkayesa kuti akuchira, madokotala ankakamba zomutulutsa sabata yotsatira. Anali atakhala tsonga pabedi, akudya yogati ndi kasupuni kapulasitiki, akuseka ndi mnzake wa kuntchito amene anabwera kudzamuyeza. Ine ndinali nditavala kale chikhoti, ndili pakhomo la wodi. Anandiitana, ndinatembenuka, anandiloza ndi kasupuniko.

"Mawa mubwere mutasita malaya, a sukulu. Anzanga akuyesa kuti ndinakwatiwa ndi wodwala mnzanga."